Mukufuna kuyamba geni ya zovala ndi nsapato? Musathamangire belo

Pafupifupi sabata iliyonse pamabwera munthu pa benchi panga, amagula kamalaya kamodzi kenako nkumangozungulirazungulira osachoka, ine ndimadziwiratu kuti pali funso. "Asisi, inetu ndili ndi kangachepe, ndikufuna ndiyambe ngati inuyo, kodi belo la kaunjika likupanga zingati masiku ano?" Nde ndimawauza kuti takhalani kaye pansi apa, za belo tikamba koma si poyambira pake. Ndaona kuti bola ndingolemba zonse kamodzi, chifukwa zimandiwawa kuona munthu wasunga ndalama chaka chathunthu ku banki m'khonde nkuzitaya pa tsiku limodzi kaamba kosauzidwa.

Muyambe mwadziwa kuti mukugulitsa kwa ndani. Ine sindikamba za madiresi a ukwati kapena nsapato zopita nazo ku phwando ayi, ndikukamba zovala za tsiku ndi tsiku, zimene munthu amavala Lolemba, kuchapa Lachiwiri, Lachinayi wavalanso. Kasitomala wanu ndi mayi wa ana anayi amene akufuna kabudula woti mwana akakwere naye mumtengo wa mango osang'ambika, ndi wa kabaza amene jini yake imakhuzana ndi chishalo tsiku lonse, ndi aphunzitsi amene amayenda wapansi kupita ku sukulu. Anthu amenewa ndalama yawo ndi yowerengeka ndipo saiwala. Mukawagulitsa nsapato nkutha chaka chathunthu, adzabwera ndi mlamu wawo. Mukawagulitsa yoti pakutha pa masabata awiri yayasamula kukamwa, sadzakuuzani kanthu, azingodutsa kutsidya kwa msewu, ndipo ku mjigo nkhani yanu ikambidwa. Geni iyi imayenda ndi anthu obwereranso, zonse zimene ndilembe m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Sabata yoyamba ndalama zisiyeni kunyumba. Pitani ku Limbe, kapena ku Tsoka ngati muli ku Lilongwe, kapena ku Zigwagwa ngati muli ku Mzuzu, mulawirire ndithu nthawi imene anthu akudula mabelo, mungoima poteropo nkumaona. Onani chimene anthu akulimbirana, chimene chikutsala pansi mpaka madzulo, mverani mmene akunenerera mitengo. Mukatero mudzabwere ndi kandalama kanu kudzasankha. Kusankha ndiye kuti wina wadula belo lake, inu mukutola chimodzichimodzi chimene chakusangalatsani nkulipira pa chidutswa. Inde mtengo wake umakhala wokwererapo kusiyana ndi wa mu belo, phindu limachepa, koma chilichonse chimene mwanyamula mwachiona ndi maso anu, palibe chobisika. Mashopu a kaunjika a DAPP nawonso ndi malo abwino osankhirako, kungoti muphunzire masiku awo, katundu akangolowa kumene mtengo umakhala pamwamba ndipo masiku akamapita umanka nutsika. Ndipo musagule chilichonse chokongola, sankhani mzere umodzi kapena iwiri basi, kaya za ana, kaya majini ndi matisheti, kaya nsapato zokha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndikadakhala kuti ndikuyamba lero ndikadayamba ndi za ana a zaka 2 mpaka 10, chifukwa mwana amakula, kholo lifune lisafune pakatha miyezi ingapo ligulanso.

Tsopano dzanja lanu liphunzire kuona. Chovala chisakunamizeni ndi kutsogolo kwake, chitembenuzeni. Shati muyambe kuona kolala ndi m'khwapa, ngati m'khwapa mwachita chikasu chija cha thukuta lakalekale, sichichoka olo muviike masiku atatu, isiyeni. Jini muyang'ane pakati pa miyendo pamene nsalu imakhuzana, mukaona payamba kuyera nkupyapyala dziwani kuti kwatsala kuchapa kangapo kuti ibooke, kenako zipi muitsegule nkutseka kawiri katatu, mupisenso dzanja m'matumba. Tisheti muikweze ku dzuwa, timabowo tonse timaonekera, nkukoka pang'ono pakhosi, ngati sipakubwerera ndiye kuti yatha ntchito. Za ana ndi masiketi zokhala ndi lasitiki mukoke m'chiuno mukumvetsera, lasitiki wakufa amalira ngati tikuphwanya masamba ouma. Muziwerenganso kalebulo ka mkati, chokhala ndi thonje lambiri chimapirira kuchapa kwathu kuno kopikicha ndi manja ndi kuyanika pa dzuwa la October, pamene tinsalu tonyezimira topyapyala timatha msanga ndipo simbi ya makala ikangopsa pang'ono basi kabowo. Dontho la mafuta, la penti kapena pamene panagwera jiki musadzinamize kuti mukachotsa. Koma batani losowa, msoko womasuka, mpendero wotsika, izo tengani ndipo munenerere mtengo utsike, telala wa pakhonde akonza ndi ndalama yochepa. Mupeze telala mmodzi wokhulupirika mugwirizane naye, ameneyo ndi mnzanu wa geni.

Nsapato nde pamafunika kudekha kwenikweni, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndikhalitsapo pang'ono apa chifukwa ndi pamene ambiri amapsa. Nsapato ya kaunjika itha kuoneka yatsopano, pansi pake posadyeka nkomwe, koma ili yoola. Pali mtundu wina wa soli, wopepuka ngati siponji yolimba, umene ukakhalitsa osavalidwa umafumbwa wokha mkati, munthu akangoyenda nayo kuchoka kunyumba kukafika pa siteji soli yonse yanyenyeka ngati chigumu. Nde nsapato iliyonse muigwire ndi manja awiri, muipinde pamene phazi limapindikira, muone ngati pakutuluka timing'alu. Kenako mudinikize chikhadabo pa soli cham'mbali, ikakhala yabwino imabwerera, ikakhala yofumbwa pamatsala chibowo kapena pamagwa tiufa, ina imachita kumata m'manja. Imeneyo olo akupatseni mtengo wa bonya isiyeni. Mukatero muone polumikizira soli ndi chikopa, mukoke ndi chala kuzungulira konse makamaka kutsogolo. Yosokedwa ndi ulusi imaposa yongomatidwa ndi guluu, koma samalani, pali zina ulusi wake ndi wongojambula pa pulasitiki, pisani dzanja mkati mutukule kansalu kopondapo muone ngati msoko ukuonekeradi. Chidendene chikhale chodyeka mofanana, chikapendekera mbali imodzi kwambiri ndiye kuti wovala watsopanoyo azimva kuwawa mwendo. Chikopa chenicheni kuseri kwake kumakhala kwa tiubweya ndipo mukachipinda chimachita makwinya osasweka, chabodza chimasupuka ngati khungu la njoka, ndipo chikayamba kusupuka polishi sathandiza.

China chimene chimaoneka chaching'ono, ikani nsapato ziwirizo pansi ndi pansi, zigundane masoli, muone ngati zikulingana. Pa mulu pamakhala changu, ndipo sizachilendo kufika kunyumba nkupeza kuti imodzi ndi 41 inzake 42, kapena zonse zakumanzere. Manambalawa muwaloweze pamtima chifukwa kasitomala wathu amati "ndimavala 7" pamene nsapato yalembedwa 41. Mwachidule 38 ndi cha m'ma 5, 39 ndi 6, 41 ndi 7, 42 ndi 8, 43 ndi 9, koma makampani amasiyanako nde munthu ayese ndithu, ayimirire, ayende masitepe angapo pa katoni. Musadzaze benchi ndi masaizi akuluakulu chifukwa choti ndi otchipa pooda, amakhalitsa. Mukafika nazo kunyumba, burashi, sopo ndi madzi, kuyanika pamthunzi osati pa dzuwa lamphamvu chifukwa guluu amalekerera, mkati mufwatikemo manyuzipepala kuti zisapindike, zachikopa polishi, zingwe zakuda bii musinthe muike zatsopano. Zingwe zatsopano zokha zimakweza nsapato mtengo kuposa ndalama imene mwagulira zingwezo.

Si onse amafuna kaunjika, nde ndi bwino kusakanizako zanyuwani pang'ono, monga mapatapata, masofiya, majombo nthawi ya dzinja, nsapato zakuda za sukulu, masokosi ndi zitenje. Izi mumaoda pa dazeni m'mashopu a ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe kapena ku Mataifa ku Mzuzu. Musayambe ndi katoni, tengani theka la dazeni, peyala imodzi muvale nokha kapena muveke mwana wanu mwezi wathunthu, ikapirira nde mukaonjezere. Ndipo nsapato za sukulu zotchipazi ine sindigulitsa ndisanapite nazo kwa wosoka nsapato kuti azungulize ulusi soli yonse. Amakhala pansi pa mtengo ndi chisongole chake ndi ulusi wopaka phula, peyala imodzi sachedwa nayo, ndalama yake ndimaiphatikiza pa mtengo ndipo kholo ndimalionetsa msokowo, ndimati "onani mayi, iyi ndasoketsa kale, mwana akasewera nayo mpira wa chikulunga sikanuka." Ambiri salimbananso pa mtengo akaona zimenezo. Za kupita nokha ku Kyela kudzera pa Songwe, kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam, kapena ku Johannesburg, zisiyeni kaye, thiransipoti, pogona, kusintha ndalama ndi msonkho wa MRA pa boda zimafuna mpamba wokhwima kale.

Nanga belo? Nthawi yake imafika, mukakhala kuti mwagulitsa miyezi ingapo, muli ndi makasitomala okudziwani ndipo muli ndi ndalama yoti belo likakugwetsani mutha kudzukanso. Mabelo ambiri a zovala amakhala a makilo 45, omangidwa ndi malamba, kunja kuli kapepala konena mtundu wa katundu, ndipo simuloledwa kutsegula musanalipire, ukagula wagula. Ine belo langa loyamba ndinaligula ndisanafunse aliyense, pa shopu ina imene sinditchula, kapepala kanalembedwa kuti ndi zovala za ana. Ndinalikweza pa minibasi mtima uli m'mwamba, kufika kunyumba ndinayala mkeka, mwana wanga wamkulu atagwira mpeni. Titadula lamba lomaliza belo linafutukuka, fungo lija la kaunjika linadzaza nyumba, pamwamba panali timadiresi tabwino ndithu mwina khumi, koma kupita mkati munali majuzi okhuthala a kuchisanu cha kwa azungu, timasokosi tosapezana, ndi zina zothimbirira zosagwirika. Unali mwezi wa October, ku Blantyre kukutentha, juzi angagule ndani. Ndinakhala pa mkeka paja mpaka mdima osayankhula, zinali ndalama za chaka chonse. Majuzi aja ndinawasunga m'matumba mpaka June ndipo ena anayendadi, koma miyezi yonseyo geni inali itaima. Safunsa anadya phula. Nde inu funsani amene akudula mabelo sabata ndi sabata kuti ndi chizindikiro chiti chikutuluka bwino pakali pano, chifukwa zimasinthasintha, yang'anani ngati malamba ndi pulasitiki sizinamasulidwepo nkumangidwanso, tengani lisiti, ndipo ngati nkotheka muphatikize ndalama anthu awiri mugawane belo limodzi, kugwa kwake kumapepuka.

Mukadula belo, musanagulitse olo chimodzi, werengani zonse nkuziika milu itatu. Mulu woyamba ndi zapamwamba, zochapa, kusita nkupachika pa hang'ala. Wachiwiri ndi zabwinobwino za tsiku ndi tsiku. Wachitatu ndi zothira pansi pa lona zoti anthu azisankha okha pa mtengo umodzi. Tingoyerekeza kuti belo, thiransipoti, wonyamula, sopo, makala a simbi ndi telala zonse pamodzi zakudyerani K500,000, ndipo mwapezamo zidutswa 200. Musangogawa nkunena kuti chilichonse ndi K2,500 nde ndiziika K3,500, mulira, chifukwa zapamwamba zija zidzatha tsiku limodzi pa mtengo wotsika inu nkutsala ndi mulu wosayenda. Mwina zapamwamba zilipo 50, zapakati 90, zapansi 60. Mitengo muiike moti mulu woyamba ndi theka la wachiwiri zibweze K500,000 ija, zotsalazo ndiye phindu lanu. Manambalawa ndangopereka chitsanzo, mitengo yeniyeni mukaipeza kumsika tsiku limenelo, koma kawerengedwe kake nkomweko olo mukungosankha zidutswa 20. Ndipo mulu wachitatu musaukonde, ukatha masabata atatu tsitsani mtengo uchoke, ndalama yogona mu thumba la zovala siibala.

Pali chinthu chimene chinagwetsa anzathu ambiri amene ankagulitsa bwinobwino. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu wathuyu pafupifupi yense amachokera kunja. Anthu anagulitsa pa mitengo yakale akusangalala kuti katundu akuyenda, pobwerera kokaoda anapeza kuti ndalama yonse, mpamba ndi phindu lomwe, siikukwana belo limene anali nalo dzulo. Mpaka mu February 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mabelo. Nde mpamba wanu muziuwerenga mu katundu, osati mu makwacha. Ngati munayamba ndi mapeyala 30 a nsapato, funso la kumapeto kwa mwezi ndi lakuti kodi ndalama ndili nayoyi igula mapeyala 30 lero? Muziimba foni kooda sabata iliyonse kufunsa mtengo olo musakugula, ndipo mtengo wanu uzitsatira wa mawa osati wa dzulo. Ndalama ya geni ikhale payokha, kaya pa Airtel Money kaya pa TNM Mpamba pa nambala ina yosakhudzana ndi ya ndiwo, inuyo muzidzipatsa kamalipiro kodziwika pa sabata. Kope la masamu la mwana wa pulayimale ndi lokwanira, kulemba chimene chalowa, chimene chatuluka, tsiku lililonse musanagone.

Malo ogulitsira musadandaule nawo kwambiri poyamba. Pakhonde panu, chingwe ndi mahang'ala khumi, geni yayamba. Mukafuna kumsika kaonaneni ndi akuluakulu a msika akupatseni malo, muzidula chiphaso cha khonsolo tsiku lililonse nkusunga kapepalako. Mumsewu muli ndalama yachangu, zoona, koma tsiku limene a khonsolo abwera kudzasesa katundu yense amapita, kwa munthu wa mpamba umodzi kumeneko nkutha. Misika ya kabwandire musaipeputse, katundu amene watopa m'tauni amakayenda ku Lunzu, ku Bvumbwe, ku Mitundu, ku Jenda, bola muwerengere thiransipoti yopita ndi yobwera musananyamuke. Ndipo pa WhatsApp muziika zithunzi m'mawa, chovala chositidwa, chojambulidwa panja powala, saizi ndi mtengo zolembedwa pomwepo, anthu amatopa ndi zomafunsa ku inbox. Ngati pali kachilema kajambuleni nako, munthu adziwiretu.

Muziyendanso ndi nyengo. Majuzi ndi majekete muode mu April kuti May, June ndi July akupezeni muli nawo, chiperoni chikayamba aliyense amafuna juzi tsiku lomwelo. Nsapato za sukulu ndi masokosi zikhale zafika mu August, sukulu zisanatsegulire mu September. November majombo, masofiya ndi lona wofunditsa katundu wanu yemwe. December za ana zimayenda ngati moto. Koma January ndi February kumakhala zii, anthu ndalama zapita ku fizi, feteleza ndi chimanga, nde phindu la December musalidye lonse ndipo miyezi imeneyo musaode zambiri. Kumidzi ndalama imayamba kuoneka anthu akakolola ndi pamene msika wa fodya watsegulidwa cha mu April.

Ngongole nde nkhani yovuta chifukwa imabwera ndi nkhope zodziwika. A m'maofesi amatenga katundu kuti alipira pa malipiro, ena amalipiradi, koma lamulo langa ndi lakuti munthu apereke kaye theka, ndilembe m'kope iye akuona, ndipo sindipatsa china chakale chisanathe. Kuli bwino kusungira munthu katundu, azipereka pang'onopang'ono, akamaliza atenge. Achibale ndi amene amavuta koposa, "achemwali tangondipatsani kasiketi aka ndidzakuonani," ukakana akuti wayamba kunyada. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndimawauza mwaulemu kuti katunduyu ndi wa geni, si wanga, ndipo ndikafuna kuwapatsa mphatso ndimatulutsa ndalama m'thumba mwanga nkulipira ku geni iwo akuona. Poyamba ankadandaula, pano anazolowera. Inuyo nanunso musayambire geni pa katapila, chiongoladzanja chake chimathamanga kuposa mmene zovala zimayendera, bola kuyamba ndi zidutswa 15 zanuzanu.

Tsiku lina, olo musamale bwanji, munthu adzabwera ndi nsapato m'jumbo, nkhope itagwa, soli italekana pasanathe sabata. Musayambe zoti katundu wogulidwa sabwezedwa. Mupatseni pokhala, muione nsapatoyo bwinobwino, ngati ndi yosokeka pitani nayo nokha kwa wosoka mulipire inuyo, ngati ndi yofumbwa ija musinthireni ina kapena adzasankhe katundu wina akafika. Mayi wina anandibwezerapo nsapato ya mwana wake wa Sitandade 5 ili choncho, ndinamusinthira pomwepo, ndinaluza ndithu tsiku limenelo. Mwana uja pano ali ku sekondale, ndipo August aliyense mayi ake amanditumizira uthenga wa saizi yatsopano, pamodzi ndi ya ang'ono ake awiri, kuti ndiwasungire ndipo ndisoketseretu.